Sukulu ya Kuseri kwa Tchalitchi

M'kabati ya mu ofesi ya sukulu yathu muli kagalimoto ka waya kamene kanachita dzimbiri kalekale. Mawilo ake ndi zitsekero za mabotolo, ndipo chiwongolero chake chinapindika. Aphunzitsi angapo afunapo kukataya pokonza m'kabatimo, koma nthawi zonse pamapezeka wina woletsa. Kanapangidwa ndi mmodzi wa ana oyamba a sukuluyi. Pamene komiti ya chikondwerero cha zaka 50 inatipempha kulemba mbiri ya sukulu, tinaona kuti tiyambire pa kagalimoto kameneka. Zimene talemba pano tazitenga m'mabuku a misonkhano ya akulu a mpingo, m'makaundula a sukulu, ndi pakamwa pa amayi ndi abambo amene analipo.

Tisanakhale ndi sukulu

Mpingo wathu unabadwira pakati pa mafakitale. Amene anauyamba anali anthu a ntchito za manja: owotcherera zitsulo, oyendetsa malole, onyamula matumba m'zigayo, akalipentala, osoka ndi alonda a usiku. Ambiri anachokera kummawa, ku Chipata, Katete, Chadiza ndi Petauke. Ankakhala m'makomboni a Matero, George, Chaisa ndi Kanyama, n'kumalawirira wapansi kudzagwira ntchito kuno ku Heavy Industrial Area, m'mbali mwa misewu ya Mungwi ndi Lumumba. Ena mwa iwo anali ana a anthu amene anaphunzira m'masukulu a mishoni ya Magwero, imene inayamba mu 1899, kotero kwa iwo tchalitchi ndi sukulu zinali zinthu zoyendera limodzi.

Ngakhale zinali choncho, m'zaka zoyambirira panalibe woganiza zomanga sukulu. Dziko linali litangokwanitsa zaka khumi za ufulu, boma linkamanga masukulu ponseponse, ndipo mwana wa munthu wosauka ankaphunzira popanda kulipira. Inalinso nthawi imene anthu ankanyadira luso lakwawo. Mu 1974 chipilala cha Freedom Statue chinaimikidwa m'tauni, ndipo nyumba zakale zozungulira za ku Kabwata zinasungidwa kuti zikhale Kabwata Cultural Village, kumene osema ndi ovina ankaonetsera ntchito zawo. Pawailesi pankamveka kwambiri nyimbo za ku Zambia konkuno, ndipo anyamata a m'makomboni ankakhoma magitala a zitini pofuna kufanana ndi Paul Ngozi.

Chimene tinali nacho ife ndi Sande sukulu basi. Popeza kunalibe mabuku a zithunzi, amayi ophunzitsa ankabwera ndi dongo m'mbale kuti ana aumbe ngamila, nkhosa ndi ngalawa za m'nkhani ya tsikulo. Palibe ankatchula zimenezo kuti luso. Kunali kungosowa chogwiritsa ntchito. Koma mbewu ya sukulu yathu inagwera pamenepo.

Pamene mageti anatsekedwa

Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, moyo unayamba kuthina pang'onopang'ono. Mu June 1990 kunabuka zipolowe mu Lusaka chifukwa cha kukwera mtengo kwa ufa. Chisankho cha 1991 chitapita, makampani a boma anayamba kugulitsidwa, ena kutsekedwa. Zambia Airways inatha mu 1994, ndipo kampani ya mabasi ya UBZ inatsatira posakhalitsa. Kuno kwathu mageti a mafakitale ena anamangidwa ndi unyolo, ndipo abambo amene anagwira ntchito zaka makumi awiri anabwerera kunyumba ndi kalata m'thumba. M'zaka zomwezo matenda a Edzi anatenga makolo ambiri, ndipo agogo anatsala ndi adzukulu oti awadyetse ndi kuwaphunzitsa. Kusukulu za boma kunkafunika ndalama za PTA, yunifomu ndi nsapato. Ana ambiri analeka.

Amene anayamba kuona vutoli ndi amayi a Chigwirizano. Akabwera ku msonkhano wa pakati pa mlungu ankapeza ana atakhala pakhonde la tchalitchi nthawi ya sukulu, ena akutola zitsulo ndi mabotolo kuti akagulitse. Mayi wina, amene anali mphunzitsi wopuma pantchito, anapempha akulu a mpingo kuti amulole kugwiritsa ntchito kachipinda kosungiramo mabenchi othyoka kuseri kwa tchalitchi. M'buku la msonkhano munalembedwa kuti chilolezo chaperekedwa kwa kanthawi. Kanthawi kameneko ndi kamene kakupitirira mpaka lero.

Sitinali tokha. M'zaka zimenezo masukulu oyendetsedwa ndi makolo ndi mipingo anaphuka m'makomboni ambiri a Lusaka, ndipo ndondomeko ya maphunziro ya boma ya 1996, yotchedwa Educating Our Future, inavomereza kuti anthu wamba nawonso ali ndi gawo pa kuphunzitsa ana. Chimene chinasiyanitsa sukulu yathu ndi anzake ndi anthu amene anabwera kudzathandiza mayi uja. Woyamba anali bambo wolemba zikwangwani amene ntchito inamuthera. Wachiwiri anali telala wa pamsika. Onse awiri analibe pepala la uphunzitsi. Anali ndi manja awo okha.

Chifukwa chake luso

Kunalibe makope okwanira, kunalibe mabuku, ndipo choko chinkathyoledwa patatu. Ndiye bambo wa zikwangwani uja anatuma ana kukatola mawaya otayidwa kuseri kwa mafakitale, n'kuwaphunzitsa kupinda zilembo. Mwana akapinda yekha chilembo ndi zala zake, sankachiiwalanso. Masamu ankawerengera zitsekero za mabotolo. Matebulo ankawaimba. Telala ankabweretsa zidutswa za chitenje, ndipo ana ankaphunzira kuyeza ndi tepi asanadziwe n'komwe kuti akuphunzira masentimita.

Posakhalitsa aphunzitsi anaona chinthu chimene sanachiyembekezere. Ana amene ankathawa phunziro la m'mawa kupita kukagulitsa pamsika sankaphonya masana a zopangapanga. Wosiya galimoto yake ilibe mawilo ankabwera mawa lake kudzaimaliza. Apa ndi pamene panabadwa lamulo limene likugwirabe ntchito: amene sanakhale m'kalasi m'mawa sagwira waya, dongo kapena ng'oma masana. Lamulo limeneli lasunga ana ambiri pasukulu kuposa chikwapu chilichonse.

Choncho tinene mosabisa kuti sukulu yathu sinasankhe luso chifukwa cha nzeru zakuya. Umphawi ndiwo unatisankhira. Koma titaona zipatso zake, tinaligwiritsa dala. Ngakhale mabuku atayamba kupezeka, makamaka boma litachotsa malipiro a giredi 1 mpaka 7 mu 2002, masana a luso sanachotsedwe pandandanda.

Mkangano wa ng'oma

Si onse anakondwera. Makolo ena anabwera kudzadandaula kuti anatumiza ana kudzaphunzira, osati kudzasewera ndi matope. Dandaulo lawo linali lomveka. Munthu amene wataya ntchito amafuna mwana wake adzakhale mu ofesi, ndipo kwa iye dongo ndi chizindikiro cha kumudzi kumene anathawa.

Mkangano waukulu unabuka pa ng'oma. Pamene kalipentala wina wa mumpingo anasema ng'oma ziwiri n'kupereka kusukulu, akulu ena anaima nji. Iwo anakulira kummawa nthawi imene Mkhristu ankayenera kusankha pakati pa tchalitchi ndi bwalo la gule, ndipo kulira kwa ng'oma pabwalo la tchalitchi kunkawakumbutsa zimene anazisiya. Ena ankati ng'oma ndi mtengo ndi chikopa chabe, chofunika ndi chimene ukuimbira. Nkhaniyi inatenga misonkhano ingapo, ndipo banja limodzi linasiya kubwera kwa miyezi. Sitikulemba izi kuti tidzudzule aliyense. Mbali zonse ziwiri zinkafunira ana zabwino.

Pomaliza anagwirizana zinthu zitatu: ng'oma izilira pabwalo la sukulu masiku a sukulu okha, mawu a nyimbo azionedwa kaye ndi mkulu mmodzi ndi mayi mmodzi wa Chigwirizano, ndipo zotsatira za mayeso ziziwerengedwa pamaso pa mpingo wonse chaka chilichonse, kuti ngati luso likuononga maphunziro, aliyense aone yekha. Ana oyamba a giredi 7 anakalembera mayeso pasukulu ya boma yapafupi, chifukwa ife tinalibe nambala ya malo olembera. Zotsatira zitabwera, mkulu amene anatsutsa kwambiri ndiye anaimirira kuziwerenga. Atamaliza anapinda pepala, nati ng'oma ipitirize. Chaka chotsatira anagula yekha chikopa chatsopano.

Mmene chaka chimayendera

Kuchokera pa pangano limenelo, chaka cha sukulu yathu chinapeza njira yake. Teremu yoyamba, nthawi ya mvula, ndi yosonkhanitsa ndi kuumba. Ana ndi makolo amabweretsa makatoni, mawaya, zitini za penti zotsalira, zidutswa za matabwa ndi utuchi wochokera kwa ocheka matabwa a ku Buseko. Teremu yachiwiri, nthawi yozizira, ndi ya kwaya, ndakatulo, masewero ndi magule, pokonzekera mipikisano ya masukulu ya NASAAZ imene imayambira ku zoni. Zaka zina tabwerako chimanjamanja, zaka zina ana athu apitirira mpaka ku boma. Ndalama zikalola, m'mwezi wa August ana a giredi 6 amapita ku Showgrounds, kumene amalowanso m'nyumba ya zithunzi yotchedwa ndi dzina la Henry Tayali, mmisiri wojambula ndi kusema amene anabadwa mu 1943 n'kumwalira mu 1987. Kwa ambiri a iwo, kumeneko ndi kumene amaonera koyamba kuti chithunzi chojambula munthu wa ku Zambia chingapachikidwe pakhoma anthu n'kumabwera kudzachiona. Zaka zina ulendowu umapita ku Kabwata kukaona osema, kapena ku Lusaka National Museum, imene inatsegulidwa mu 1996.

Teremu yachitatu ndi ya pa 24 October, ya mayeso, ndi ya tsiku loonetsa, limene limachitika sukulu isanatseke mu December. Tsiku limeneli ndilo mtima wa sukulu yathu. Mabenchi a m'tchalitchi amatulutsidwa pabwalo, ntchito ya mwana aliyense imaikidwa patebulo ndi dzina lake, ndipo palibe mwana amene amasiyidwa chifukwa chakuti chake sichinakongole. Mphunzitsi wamkulu amawerenga lipoti la chaka, zabwino ndi zoipa zomwe. Msungichuma amawerenga ndalama zonse zimene zinalowa ndi kutuluka, mpaka ngwee. Kenaka zopanga za ana zimagulitsidwa, ndipo ndalamazo zimagula choko, penti ndi ufa wa phala la January. Ambiri a ife tili ndi mphasa ya pakhomo ya zidutswa za chitenje kapena mbale ya dongo yopendekeka imene tinagula pamtengo woposa wa kumsika, tikudziwa bwino chimene tikuchita.

Amene anasenza denga

Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la sukuluyi lasenzedwa ndi mitu yambiri. Amayi a Chigwirizano aphika phala mosinthana kuyambira pachiyambi, pa nkhuni ndi pa malasha, mvula kapena dzuwa. Abambo anaumba njerwa za makalasi Loweruka ndi Loweruka. Owotcherera anapanga mafelemu a mawindo ndi zitsulo zotsalira pantchito zawo. Achinyamata amapaka laimu makoma teremu isanayambe. Ophunzira za uphunzitsi wa nyimbo ndi zojambula a ku Evelyn Hone College abwerapo nthawi ndi nthawi kudzathandiza masana. Alonda a m'mageti a mafakitale, ena osakhala a mpingo wathu n'komwe, akhala akupatula makatoni abwino kuti asapite kudzala. Pali mayi wina wogulitsa tomato amene sanaphonyepo tsiku loonetsa ngakhale alibe mwana pasukuluyi. Akafunsidwa amangoti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Koposa onse tikumbukire aphunzitsi. Kwa zaka zambiri analibe malipiro, koma kandalama ka sopo kochokera m'mbale ya chopereka, ndipo miyezi ina ngakhale kameneko kankachedwa. Lamulo la maphunziro la 2011 litazindikira masukulu a mtundu wathu, zinthu zinapepukako, komabe mbali yaikulu ya katunduyu inatsalabe pamapewa a mpingo. Pamene boma linalamula mu 2014 kuti ana a giredi 1 mpaka 4 aziphunzira m'chinenero cha kwawo, chimene kuno ku Lusaka ndi Chinyanja, aphunzitsi athu sanavutike, chifukwa nyimbo ndi nthano zophunzitsira kuwerenga anali nazo kale.

Zaka zovuta

Katatu konse m'zaka zaposachedwapa geti la sukulu lakhala lotseka nthawi imene linayenera kukhala lotsegula. Mu January 2018 kolera inachedwetsa kutsegulira masukulu, ndipo Kanyama, kumene kumachokera ena mwa ana athu, inakhudzidwa kwambiri. Pa 20 March 2020 masukulu onse anatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Nthawi imeneyo makina osokera a sukulu anasamukira kunyumba za amayi, amene anasoka zophimba kukamwa ndi kumphuno za ana ndi za okalamba a mumpingo, ndipo chaka chimenecho chokha ndicho tinalibe tsiku loonetsa. Mu 2024 kolera inabweranso, odwala akugonekedwa ku National Heroes Stadium, ndipo masukulu sanatsegulidwe mpaka pa 12 February.

Nthawi zonse zitatu mantha athu anali amodzi: kuti ana akazolowera kumsika sadzabweranso. Ena sanabwereredi, ndipo mayina awo akadali m'kaundula ndi mzere wofiira. Koma ambiri anabwerera, ndipo aphunzitsi amanena kuti funso loyamba la ana pageti linali lakuti zinthu zawo zimene anasiya zosamaliza zikadalipo kodi.

Chaka chathachi

Lipoti la tsiku loonetsa lapitali linali ndi zotisangalatsa. Ana onse a giredi 7 analemba mayeso, palibe amene anasowa. Ana a giredi 5 anajambula khoma lonse la kumpopi ndi zithunzi zophunzitsa kusamba m'manja ndi kuthira mankhwala m'madzi akumwa. Gulu la masewero linapanga lokha sewero la kolera n'kukalionetsa pamsika, ndipo amayi ogulitsa anawapempha kuti abwereze. Mnyamata wina amene ankachita chibwibwi mpaka kuopa kuyankha m'kalasi ananena ndakatulo yonse pamaso pa mpingo, mnzake akumuombera ng'oma pang'onopang'ono. Chilala chitachepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti akuzima tsiku lonse, makina akale opalasa ndi miyendo a telala uja anatulutsidwa, kuthiridwa mafuta, ndipo yunifomu za kwaya zinasokedwa pa nthawi yake.

Linalinso ndi zotidetsa nkhawa. Denga la kalasi imodzi likudontha. Ng'oma imodzi mwa ziwiri zoyambirira inang'ambika. Kuyambira pamene boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000 mu 2022, ena mwa aphunzitsi athu aluso anapita, ndipo tinawatsanzika ndi chimwemwe chifukwa nawonso ali ndi mabanja, koma malo awo sanadzazidwe onse. Mwa atatu amene anayambitsa sukuluyi, amene ali moyo ndi mmodzi.

Funso limene lili patsogolo pathu

Kuyambira January 2022 maphunziro m'masukulu a boma ndi aulere mpaka kusekondale. Ichi ndi chinthu chabwino, ndipo ena mwa ife afunsa moona mtima ngati sukulu yathu ikufunikabe. Malo kuno ku Heavy Industrial Area ndi odula, ndipo pali ganizo lakuti makalasi achititsidwe lendi kwa amalonda osungiramo katundu, ndalamazo zithandize kumaliza nyumba ya abusa ndi ntchito zina za mpingo. Nkhaniyi idzakambidwa pa msonkhano wa mpingo wonse chikondwererochi chikatha, ndipo aliyense adzakhala ndi ufulu wolankhula.

Ife amene tafufuza mbiriyi tili ndi maganizo athu, ndipo sitiwabisa. Makalasi a boma adzaza kwambiri, ndipo mphunzitsi wa ana ochuluka chotero sangathe kuona kuti uyu ali ndi dzanja lojambula, uyu akuopa kulankhula, uyu sanabwere masiku atatu. Ana amene amabwera kwa ife ndi omwe aja amene amatayika mosavuta pagulu lalikulu: amasiye, oyamba sukulu mochedwa, ndi amene analekapo. Koma tikudziwanso kuti sukulu siyendera chikumbumtima chokha. Ngati tinena kuti ikhale, tinenenso amene adzakwere padenga, amene adzapereke mwezi ndi mwezi kuti mphunzitsi alandire zoyenera, ndi amene adzapatule masana amodzi pa mlungu kudzaphunzitsa ntchito ya manja ake. Mumpingo muno muli akalipentala, osoka, oimba, owotcherera ndi odziwa kujambula pa kompyuta ochuluka kuposa amene analipo pamene sukulu inkayamba. Makolo athu anaimanga ntchito zitawathera. Ife ambiri tili pantchito.

Mwana amene anapanga kagalimoto ka m'kabati kaja tsopano ndi bambo wa ana atatu, ndipo ali ndi malo ake owotcherera zitsulo. Geti limene mwalowera lero anapanga ndi iyeyo, ndipo anakana kulipidwa. Pa tsiku la chikondwerero kagalimotoko kadzaikidwa patebulo la pakhomo la sukulu, pamodzi ndi ntchito za ana a chaka chino. Mapemphero akatha, musafulumire kupita kunyumba. Zungulirani kuseri kwa tchalitchi, mulowe m'makalasi, muyang'ane denga, mulankhule ndi ana, kuti podzafika tsiku la msonkhano mudzalankhule zimene mwaona ndi maso anu.